Magetsi ali ndi muyeso, tiphunzire kuuwerenga

Mukaima pagombe la Metangula usiku wopanda mwezi, mumaona nyali zitandandalikana panyanja ngati mudzi wachiwiri. Amenewo ndi asodzi a usipa. Achikulire mukukumbuka nyali zopopa za parafini, zimene galasi lake silinkachedwa kusweka. Lero asodzi ambiri amanyamula batire ndi mababu. Masana amatchaja batire pa sola kapena pa magetsi a EDM, usiku n'kupita nalo panyanja. Choncho magetsi anafika kale m'manja mwathu. Ali m'bwato, ali m'foni, ali mu wailesi ndi mu tochi, ngakhale m'midzi imene mitengo ya magetsi sinafike.

Koma tiyeni tinene zoona. Ambiri timagula zinthu zamagetsi mongoyerekeza. Timaona kukula kwa chinthu, timamva zonena wogulitsa, n'kulipira. Pakapita miyezi itatu, batire lafa. Mayunitsi a Credelec atha mwezi usanafike pakati. Waya watentha, denga la udzu layaka. Zikatero timati ndi tsoka, kapena timaloza chala mnansi kuti watilodza. Komatu nthawi zambiri chenjezo linali litalembedwa pachinthu chomwecho, m'zizindikiro zinayi zing'onozing'ono: V, A, W ndi kWh.

Maganizo athu patsamba lino ndi awa. Munthu amene waphunzira kuwerenga zizindikiro zinayi zimenezi amasunga ndalama zake, amateteza banja lake, ndipo amatha kufunsa akuluakulu mafunso oyenera. Inu amayi ndi abambo amene mukuphunzira kuwerenga ndi kulemba, mukhoza kuzidziwa sabata yomwe ino.

Kodi magetsi n'chiyani?

Chinthu chilichonse, kaya ndi madzi, mwala, chitsulo kapena thupi lathu, chinapangidwa ndi tinthu ting'onoting'ono totchedwa maatomu. Maso sangatione. Mu atomu iliyonse muli tinthu tina tocheperapo, totchedwa maelekitironi. M'zitsulo monga kopa ndi aluminiyamu, maelekitironi ena sakhazikika malo amodzi. Amatha kuchoka pa atomu ina kupita pa ina. Akakankhidwa ambiri nthawi imodzi n'kuyamba kuyenda mu waya, magetsi ake ndi amenewo.

N'chifukwa chake waya ali ndi kopa m'kati ndi pulasitiki kunja. Kopa amalola magetsi kudutsa. Pulasitiki, mphira, galasi ndi mtengo wouma sizilola. Koma kumbukirani izi: madzi, thukuta, dothi lonyowa, mtengo wauwisi ndi thupi la munthu, zonsezi zimalola magetsi kudutsa.

Chachiwiri, magetsi amafuna njira yopita ndi njira yobwerera. Tengani tochi yanu. Magetsi amachoka mbali imodzi ya batire, amadutsa m'babu, n'kubwerera mbali inayo. Swichi ili ngati mlatho panjira imeneyi. Mukazimitsa, mwachotsa mlatho, ndipo magetsi aima. Tsono waya akasupuka, munthu n'kumugwira ataponda pansi opanda nsapato, thupi la munthuyo limasanduka njira. Magetsi amadutsa mwa iye kupita m'nthaka.

Makolo athu anaidziwa mphamvu imeneyi mawaya asanabwere. Mumtsinje wa Zambezi ndi kumunsi kwa Shire muli nsomba yotchedwa nyesi, imene imanjenjemeretsa dzanja la woigwira. Mawu omwewo ndi amene timanena lero tikamati munthu wagwidwa nyesi.

Zizindikiro zinayi

Ganizirani mtsinje wa Lunho ukutsika kuchokera kumapiri kupita kunyanja. Madzi ake atithandiza kumvetsa.

V akuimira volt. Ndi mphamvu yokankha, ngati ya madzi ogwa kuchokera pamalo okwera. Batire la tochi lili ndi volt imodzi ndi theka. Batire la galimoto kapena la m'bwato lili ndi ma volt 12. Soketi ya pakhoma ili ndi ma volt 220. Babu lolembedwa 12V limafuna batire, ndipo mukaliika pa 220V limapsa nthawi yomweyo.

A akuimira ampere. Ndi kuchuluka kwa magetsi amene akudutsa, ngati kuchuluka kwa madzi mumtsinje. Ngalande yaing'ono singanyamule madzi a chigumula. Chimodzimodzi waya wowonda sanganyamule ma ampere ambiri. Amatentha.

W akuimira watt. Ndi mphamvu imene chipangizo chimadya pamene chikugwira ntchito. Mukachulukitsa ma volt ndi ma ampere mumapeza ma watt. Babu la LED likhoza kudya ma watt 10. Simbi yositira yamagetsi imadya pafupifupi ma watt 1,000. Ma watt 1,000 amatchedwa kilowatt imodzi.

kWh ndi muyeso wa magetsi amene mwagwiritsa ntchito. Chipangizo cha ma watt 1,000 chikayaka ola limodzi, chadya kWh imodzi. Monga usipa timaugula pa chigoba kapena pa ndowa, magetsi timawagula pa kWh. Nambala imene mumaona pa mita ya Credelec, imene ena timaitchula kuti contador, ndi ma kWh amene mwatsala nawo.

Anthu amene anatsegula njira

Zizindikiro zimenezi zinachokera ku mayina a anthu. V ndi wa Alessandro Volta wa ku Italy, amene mu 1800 anapanga batire loyamba. Anasanjikiza timbale ta kopa ndi ta zinki, pakati pake n'kuika nsalu yoviika m'madzi amchere. A ndi wa André-Marie Ampère wa ku France, amene anafufuza mgwirizano wa magetsi ndi maginito. W ndi wa James Watt wa ku Scotland, katswiri wa makina oyendera nthunzi.

Onsewa asanatchuke, mu 1752, Benjamin Franklin wa ku America anasonyeza kuti mphezi ndi magetsi. Iye anapanganso chitsulo choimika pamwamba pa nyumba, chimene chimatsogolera mphezi m'nthaka. Pachipwitikizi chimatchedwa pára-raios.

Koma munthu amene tikufuna kuti mumukumbukire kwambiri ndi Michael Faraday wa ku England. Anabadwa mu 1791. Bambo ake anali osula zitsulo, ndipo banja lawo linali losauka. Sukulu anangoilawa. Ali ndi zaka 14 anayamba kuphunzira ntchito yosoka ndi kumata mabuku. Mabuku amene ankabwera kuti awasoke, iye ankawawerenga. Mu 1831 anapeza kuti maginito akamayenda pafupi ndi waya wokulunga, magetsi amayamba kuyenda mu wayamo. Dayinamo ya njinga imagwira ntchito motero. Jenereta ya petulo imagwira ntchito motero. Makina akuluakulu a ku Cahora Bassa nawonso amagwira ntchito motero.

Mu 1879 Thomas Edison wa ku America anapanga babu loyaka maola ambiri, ndipo nthawi yomweyo Joseph Swan anali kupanga lake ku England. Lewis Latimer, munthu wakuda amene makolo ake anathawa ukapolo, anadziphunzitsa yekha kujambula mapulani a makina, ndipo anapeza njira yabwino yopangira kaulusi koyaka m'kati mwa babu. Nikola Tesla, amene anabadwa mu 1856 m'dziko limene lero ndi Croatia, analimbikitsa mtundu wa magetsi osinthasintha kolowera. Mtundu umenewu umalola thiransifoma kukweza ma volt kuti magetsi ayende ulendo wautali, n'kuwatsitsanso akafika pafupi ndi nyumba. Ndi umene uli m'soketi zathu.

Musaganize kuti nzeru zimenezi ndi za kutali kokha. Kutsidya kwa nyanja yathu, ku Wimbe m'boma la Kasungu ku Malawi, kuli nkhani ya William Kamkwamba, amene amalankhula chinenero chathu chomwechi. Njala ya 2001 ndi 2002 itavuta, makolo ake analephera kulipira sukulu. Mnyamatayo anayamba kupita ku kanyumba kobwereketsa mabuku. Chingerezi chinkamuvuta, koma ankatsatira zithunzi ndi kufunsa tanthauzo la mawu. Ali ndi zaka pafupifupi 14 anamanga makina oyendera mphepo. Anagwiritsa ntchito njinga yakale, dayinamo, chopemerera injini ya thirakitala, mapaipi a pulasitiki ndi mitengo ya bulugamu. Anthu ena ankati wachita misala. Babu litayaka, omwewo anabwera kudzaona.

Faraday ndi Kamkwamba anayambira pamene inu muli lero: buku m'manja, mawu ena ovuta, ndi mtima wosachita manyazi kufunsa.

Ulendo wochokera ku Songo

Magetsi ambiri a dziko lathu amachokera ku damu la Cahora Bassa, pamtsinje wa Zambezi, pafupi ndi Songo m'chigawo cha Tete. Ntchito yomanga damuli inayamba mu 1969, ndipo madzi anayamba kudzaza mu 1974. Madzi akamatsika mwamphamvu amazunguza makina asanu, amene pamodzi angathe kupanga ma megawatt 2,075. Mphamvu imeneyi ndi yokwanira kuyatsa simbi zositira zoposa 2 miliyoni nthawi imodzi. Gawo lalikulu limagulitsidwa ku South Africa kudzera pa mawaya otalika pafupifupi makilomita 1,400. Nthawi ya nkhondo imene inatha mu 1992, nsanja zambiri za mawaya amenewa zinagwetsedwa, ndipo kwa zaka zambiri magetsi sankadutsa. Mu Novembala 2007 gawo lalikulu la kampani ya damuli linachoka m'manja mwa Portugal n'kubwera m'manja mwa Mozambique.

Kuti afike kuno, magetsi amadutsa ku Zambézia, n'kukwera kudzera ku Gurué ndi ku Cuamba. Mawaya amenewa, a ma volt 110,000, anafika ku Lichinga mu 2005. Kuchokera ku Lichinga amatsika phiri kubwera ku Metangula. Ulendo wonse umaposa makilomita 1,000. Mu 2023 ku Cuamba anatsegulanso malo opangira magetsi a dzuwa, okhala ndi mabatire akuluakulu osungira mphamvu.

Izi zikutiphunzitsa zinthu ziwiri. Choyamba, ife a ku Lago tili kumapeto kwa chingwe. Mtengo ukagwera waya kutali, kapena moto wa tchire ukatentha mtengo wa magetsi panjira, mdima umafika kwa ife. Munthu woba waya kapena mafuta a thiransifoma amabera mudzi wonse, pamodzi ndi chipatala chake. Chachiwiri, midzi yathu yatalikirana, ndipo ina imafikika bwino ndi bwato lokha. Kukoka mawaya kupita kumeneko kumadya ndalama zambiri. N'chifukwa chake boma lili ndi mabungwe awiri. EDM, imene inakhazikitsidwa mu 1977, imasamala magetsi a mawaya. FUNAE, imene inakhazikitsidwa mu 1997, imathandiza madera akutali ndi njira zina monga sola. Mu 2018 boma linayambitsa ndondomeko ya Energia para Todos, ndipo linalonjeza kuti pofika 2030 aliyense adzakhale ndi magetsi. Lonjezo limeneli ndi lathu. Tili ndi ufulu wofunsa pamene lafika.

Werengerani musanalipire

Tiyeni tichite masamu pang'ono. Tengani pensulo.

Babu lakale la ma watt 60 likayaka maola 5 patsiku, pa masiku 30 limadya ma kWh 9. Babu la LED la ma watt 10 limawala chimodzimodzi, koma pa nthawi yomweyo limadya kWh imodzi ndi theka. Ngati nyumba ili ndi mababu anayi, akale adya ma kWh 36 pamwezi, pamene a LED adya ma kWh 6 okha. Kusiyana kwake ndi ma kWh 30 mwezi uliwonse. Babu la LED limakwera mtengo pogula, koma limabweza ndalamayo.

Dziwaninso kuti zinthu zotenthetsa ndizo zimadya kwambiri: simbi, ketulo, ndi mbaula yamagetsi. Foni imadya pang'ono zedi. Mayunitsi akamatha msanga, musayambe ndi kukalipira ana otchaja foni. Lembani nambala ya pa mita m'mawa, mulembenso mawa lake nthawi yomweyo. Kusiyana kwa manambala awiriwo ndi magetsi amene mwadya tsiku limodzi. Mukagula mayunitsi, kaya kusitolo kapena pa foni, mumalandira manambala 20. Phunzirani kuwalowetsa nokha m'mita, ndipo muonetsetse kuti ma kWh awonjezekadi.

Tsopano inu asodzi. Tiyerekeze kuti muli ndi mababu 6, lililonse la ma watt 10, ndipo mukufuna ayake maola 8. Chulukitsani 6 ndi 10 ndi 8. Yankho ndi 480. Umenewo ndiwo mlingo wa mphamvu yofunika usiku umodzi. Batire lolembedwa 12V 100Ah limasunga 1,200, chifukwa 12 kuchulukitsa ndi 100 ndi 1,200. Koma batire la asidi silifuna kutheratu. Kuti likhalitse, gwiritsani ntchito theka lokha, ndiye kuti 600. Choncho batire limeneli likukwanirani. Nanga sola? Sola ya ma watt 100 imapereka pafupifupi 400 patsiku la dzuwa labwino. Ndiye kuti siyingabweze 480 yonse. Tsiku lililonse batire lizitsala ndi ngongole, mpaka lidzafa msanga. Mukufunika sola yokulirapo, monga ya ma watt 150.

Pogula sola, tembenuzani muwerenge chikalata cha kumbuyo kwake. Pakati pa sola ndi batire pakhale kabokosi kowongolera, kamene kamaletsa batire kudzaza mopitirira. Pukutani fumbi pa sola, ndipo musaiike pamthunzi wa mango. Pemphani lisiti ndi pepala la garantia. Ngati mukugula molipira pang'onopang'ono, funsani mafunso atatu musanasaine: ndizilipira zingati pamwezi, kwa miyezi ingati, ndipo ndikalephera mwezi umodzi chidzachitike n'chiyani? Ngati pepalalo lili m'Chipwitikizi chovuta, pitani nalo kwa aphunzitsi anu. Paja akulu anati safunsa anadya phula.

Walira mvula walira matope

Magetsi a pakhoma amapha. Ochepa chabe, osafika ngakhale gawo limodzi mwa magawo khumi a ampere, akadutsa pachifuwa angathe kuimitsa mtima. Thupi lonyowa ndilo lili pangozi yaikulu. Ife a kunyanja timakhala onyowa kawirikawiri, ndipo timakonda kuyenda opanda nsapato. Musagwire swichi, pulagi kapena foni ili pa tchaja manja ali onyowa.

Yang'anani waya wowonjezera uja amene mumalumikizapo zinthu zambiri. Ngati walembedwa 10A, chulukitsani 10 ndi 220. Malire ake ndi ma watt 2,200. Mukaikapo ketulo ya 2,000 ndi simbi ya 1,000, zakwana 3,000. Wayayo atentha, pulasitiki isungunuka, ndipo moto uyamba. Moto wa magetsi musauthire madzi. Yambani mwazimitsa swichi yaikulu ya nyumba, imene amisiri amaitcha disjuntor, kenako thirani mchenga. Aliyense m'nyumba, ngakhale agogo ndi ana osinkhuka, adziwe pamene swichi imeneyi ili.

Munthu akagwidwa nyesi, musamukoke ndi manja, chifukwa nanunso mugwidwa. Zimitsani swichi yaikulu. Ngati simungathe, imani pouma n'kumulekanitsa ndi wayayo pogwiritsa ntchito mtengo wouma. Mupite naye kuchipatala ngakhale akunena kuti ali bwino, chifukwa mtima ukhoza kuvuta pambuyo pake. Koma ngati ndi waya wa pamtengo wa mumsewu umene wagwa, musayese n'komwe. Khalani patali mamita osachepera khumi, letsani ana ndi ziweto, ndipo itanani a Piquete a EDM. Funsani nambala yawo lero, muilembe pakhoma. Pa thiransifoma ndi pa mitengo ina pamalembedwa mawu akuti PERIGO DE MORTE. Tanthauzo lake ndi lakuti pali ngozi ya imfa. Awerengereni ana anu mawu amenewa.

Tinenepo za kulumikiza magetsi mwakuba. Tikudziwa kuti ndalama n'zosowa, ndipo mnansi wopatsa mnzake waya nthawi zambiri amachita mwachifundo. Koma waya wodutsa pansi pa mchenga kapena pampanda wa bango alibe chomuteteza. Mvula ikagwa, amene amaponda pamenepo ndi mwana wopita kukatunga madzi. Ndi mlandu pamaso pa lamulo, komanso ndi msampha pakhomo. Mu 2020 boma linalengeza kuti lachotsa ndalama yolipirira kulumikiza magetsi panyumba. Mwini nyumba amasamala za mawaya a m'kati mwa nyumba yake, ndipo ntchito imeneyo ipatseni mmisiri wodziwa. Pitani ku ofesi, funsani zofunika, funsaninso za tarifa social, umene ndi mtengo wotsika wa mabanja ogwiritsa ntchito magetsi ochepa. Munthu akakupemphani ndalama popanda lisiti, kanani.

Mabatire nawonso amafuna ulemu. Batire la asidi likamatchajidwa limatulutsa mpweya woyaka. Musalitchajire m'chipinda chogona, ndipo musasute fodya pafupi nalo. M'kati mwake muli asidi ndi mtovu, umene ndi poizoni woononga ubongo wa ana. Batire lakufa musalitaye m'nyanja kapena pagombe. Nyanjayi ndi imene timamwa ndi kudyamo, ndipo kuyambira 2011 mbali yathu ndi malo otetezedwa ndi lamulo. Lisungeni pouma, patali ndi ana, kufikira mutapeza ogula mabatire akale.

Za mphezi, tikudziwa kuti pali zikhulupiriro zambiri, ndipo mabanja ena anadana chifukwa cha zimenezi. Zimene Franklin anasonyeza n'zakuti mphezi ndi magetsi osonkhana m'mitambo, ndipo imakonda kugwera chinthu chachitali kuposa zinzake. Panyanja, chinthu chachitali ndi munthu amene ali m'bwato. Mukaona kung'anima, werengani masekondi mpaka bingu limveke. Masekondi atatu aliwonse ndi pafupifupi kilomita imodzi. Akakhala osakwana 30, kocheza kumtunda. Musabisale pansi pa mtengo woima paokha.

Magetsi agwire ntchito

Kuwala usiku n'kwabwino, ndipo mpira pa kanema umasangalatsa. Koma magetsi ongowunikira amatulutsa ndalama m'nyumba mwezi uliwonse. Magetsi ogwira ntchito amalowetsa ndalama.

Taganizirani chambo ndi kampango. Msodzi wopanda madzi oundana, amene ambiri timati gelo, amagulitsa pamtengo umene wogula wanena, chifukwa dzuwa likakwera nsomba iwonongeka. Amene ali ndi gelo akhoza kudikira, kapena kutumiza nsomba yake ku Lichinga, ulendo woposa makilomita 100, ikadali yabwino. Taganizirani chigayo cha chinangwa ndi chimanga, makina osokera, makina owotcherera zitsulo, ometera tsitsi, ndi pampu yothirira dimba m'chilimwe. Taganizirani chipatala. Katemera wambiri wa ana amafuna kuzizira kwa pakati pa madigiri 2 ndi 8. Mayi wobereka pakati pa usiku amafuna kuwala kokwanira, osati tochi ya foni yogwiridwa ndi mlamu wake.

Munthu mmodzi sangagule firiji yaikulu yoyendera sola. Koma gulu la asodzi kapena la amayi ogulitsa nsomba likhoza, ngati lili ndi buku la ndalama ndi mamembala odziwa kuliwerenga. Mutu umodzi susenza denga. Apanso tabwerera ku kalasi yanu. Gulu limene membala mmodzi yekha ndiye amadziwa kuwerenga, ndalama zake zili pangozi.

Pempho lathu

Kwa akuluakulu a boma, a EDM ndi a FUNAE, tikupempha zinthu zinayi. Uzani anthu, m'chinenero chawo, midzi imene ili pamndandanda wolandira magetsi ndi nthawi yake, kuti anthu a ku Cóbuè, Meluluca, Lunho ndi Maniamba adziwe chodikira. Lengezani pa wailesi ya m'dera pamene mukufuna kuzimitsa magetsi pokonza mawaya, kuti wokhala ndi nsomba m'firiji akonzekere. Tsogozani zipatala, masukulu ndi madooko a asodzi. Phunzitsani achinyamata a konkuno, anyamata ndi atsikana, ntchito ya magetsi ndi ya sola, kuti chinthu chikawonongeka tisamadikire mmisiri wochokera kutali.

Kwa inu owerenga, gawo lanu nali. Nkhani ya magetsi itengereni ku msonkhano wa mfumu ndi ku Conselho Consultivo ya m'dera lanu. Popita kumeneko, tengani zolemba: nyumba zingati zikufuna magetsi, ndi mabizinesi ati amene angayambe, chipatala chili patali bwanji ndi mtengo womaliza wa magetsi. Pempho lokhala ndi manambala ndi lovuta kulinyalanyaza. Mukakhala ndi dandaulo, lilembeni, ikani tsiku, sungani pepala lina. Likapanda kuyankhidwa, dziwani kuti kuli bungwe la ARENE, limene linakhazikitsidwa mu 2017 kuti liziyang'anira nkhani za mphamvu ndi kumva madandaulo a ogula.

Sabata ino chitani chinthu chimodzi. Tengani zinthu zitatu zamagetsi zimene muli nazo, kaya ndi babu, tchaja, batire kapena wailesi. Fufuzani V, A ndi W. Koperani manambalawo m'kope lanu, mupite nawo kukalasi, muyerekeze ndi a anzanu. Amene ali ndi mita alembenso ma kWh a masiku asanu ndi awiri. Mukakumana sabata yamawa, muwerengere limodzi kuti ndi chipangizo chiti chimene chikudya ndalama zambiri pakhomo panu, ndipo mugwirizane chochita nacho.